Laputopu ikavuta kuno ku Joni, funsani chonchi kuti muthandizidwe msanga

"Achimwene laputopu yanga yafa, ndithandizeni." Meseji ngati imeneyi imandipeza pafupifupi sabata iliyonse, kawirikawiri usiku nditagona kale kuno ku Rosettenville, ndipo ikangolowa ndimadziwiratu kuti tikhala tikuponyerana mafunso mpaka mawa masana tisanafike pomwe pali vuto. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndinayambira ku Limbe ndisanakwere basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge nkudzatsikira pa Park Station, nde mukudziwa mmene zimakhalira kuno ku Johannesburg, a Malawi akangomva kuti pali mnzawo wodziwa chinthu nambala imayenda yokha, kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro, paliponse. Kuthandiza sindikana ayi. Chimandipweteka ndi kuona munthu akuvutika masiku atatu ndi vuto loti tikanathana nalo mu maminitsi 10 akanangofotokoza bwino, pena mpaka kukataya ndalama ku shopu pa chinthu chosafuna kukonza nkomwe.

Mawu oti "yafa" aja kwa ife okonza sanena kanthu. Wina akati yafa ndiye kuti siyikuyaka olo kagetsi kamodzi. Wina ikuyaka ndithu, fani ikumveka, koma sikirini ili bii. Wina ikufika pa chizindikiro cha Windows nkumangozungulira osalowa. Winanso wangoyiwala pasiwedi basi. Mavuto amenewa ndi osiyana kutalitali, lina ndi la tchaja, lina la sikirini kapena RAM (memori yomwe makina amagwirirapo ntchito akayaka), lina la hard drive (disiki yosunga mafayilo), lina silifuna ndi sikuludiraiva yomwe. Munthu amene mukumufunsayo, kaya ndi ine, kaya mwana wa achemwali anu amene akuphunzira IT, kaya wa pa shopu ku Small Street mu tawuni muja, makinawo sakuwaona, maso ake ndi inuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nde ntchito yoyamba ndi yanu.

Musanagwire ndi foni yomwe, onani kaye ngati pali chimodzi mwa izi: mwathiramo madzi kapena tiyi, mukumva fungo la chinthu chopserera, batire latupa mpaka kiyibodi kapena poyendetsa chala paja patukuka, kapena mkati mukumveka tiki tiki tiki ngati wotchi. Zikatero zimitsani pompo, dinani batani loyatsira osachotsa chala mpaka izime, zulani tchaja, ndipo musayatsenso kuti ndione ngati yachira. Kuyatsayatsa kumeneko ndi kumene kumamaliza makina. Chowononga kwambiri si madziwo paokha koma magetsi akamayenda pa motherboard (bolodi lalikulu lamkati lomwe palumikizidwa zipangizo zonse) yonyowa, ndipo zokwirira mu mpunga zija sizichotsa madzi amene alowa pansi pa tizipangizo. Kulira kwa tiki tiki ndi hard drive ya mtundu wakale ija yokhala ndi mbale yozungulira mkati, ulendo uliwonse mukayatsa ikukanda pomwe pali zithunzi zanu ndi ma CV. Batire lotupa musaliboole kapena kulipsinja, limatha kuyaka moto. Pa zinayi zimenezi mukazimitsa mpamene mulembe meseji, ndipo chiganizo choyamba chinene chimenecho.

Ngati palibe zimenezo, yambani ndi dzina lenileni la makina anu. Kungoti "ndi HP" kuli ngati kuuza makaniko kuti galimoto yanga ndi Toyota, nde akufunireni sipeya ya Quantum kapena ya Corolla? Tembenuzani laputopu, pansi pamakhala sitika kapena timalemba ting'onoting'ono, jambulani ndi foni pafupi, pamalo owala. Tikufuna dzina lonse ngati HP 250 G7, Lenovo ThinkPad T480, Dell Latitude 5490. Za Dell zimakhalanso ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, imeneyo payokha imatiuza zomwe makinawo anatuluka nazo ku fakitale. Koma poti ambiri timagula za sekondi handi sitika imakhala inafufutika kalekale, nde ngati ikuyaka dinani batani la Windows (la pa kiyibodi lokhala ndi chizindikiro cha Windows) pamodzi ndi R, kabokosi kakatuluka lembani msinfo32 nkudina Enter. Muona System Model, purosesa (ubongo wa makinawo) ndi kukula kwa RAM, jambulani sikirini yonseyo. Bwerezaninso Windows ndi R, ulendo uno lembani winver, ikuuzani ngati muli pa Windows 10 kapena 11. Pano funso limeneli lakula chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri akale salandira Windows 11 mwa njira yake poti imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira 8th gen kupita kutsogolo. Ogulitsa ena amangoikakamiza pa makina akale kuti malonda ayende, nde wokuthandizaniyo akaona purosesa yakale ili ndi Windows 11 amadziwa poyambira.

Tchaja nayonso ijambuleni, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mavuto ambiri amene amabwera ndi dzina loti "yafa" amathera pa tchaja. Pa kabokosi kakuda kaja pamalembedwa ma volts ndi ma watts pamzere wa Output. Za Dell ndi HP zambiri ndi 19.5V, za Lenovo zambiri 20V, ndipo mphamvu yake imakhala 45W, 65W kapena 90W. Laputopu yofuna 90W mukaipatsa tchaja ya 45W imatha kuyaka koma osatchaja, kapena kuyenda pang'onopang'ono ngati yatopa, inu nkumaganiza kuti batire latha. Nenaninso ngati ndi tchaja yomwe inabwera ndi makinawo kapena munachita kugula ina, makamaka ma universal aja okhala ndi timitu tambirimbiri. Palibe chochititsa manyazi, tonse timagula zomwe thumba lalola, koma tikufuna tidziwe. China ndi cha ife tomwe a Malawi: kumudzi mapulagi athu ndi a mano atatu amakona aja, kuno ndi a mano ozungulira, nde laputopu yochokera kumudzi imadalira adaputa, ndipo adaputa yotchipa imagwedera, magetsi kumalowa kumatuluka usiku wonse. Ndakonzapo malaputopu angapo pongomuuza munthu kuti gulani chingwe cha pulagi yakuno chopita ku kabokosi ka tchaja, adaputayo muichotse.

Tsopano pa kufotokoza vuto lenilenilo. Kuchipatala simukangolowa nkuti "ndili ndi malungo ndipatseni LA", a dokotala amafuna kumva kuti mutu ukupweteka, thupi likutentha, zayamba Lachiwiri, zoyeza ndi kutchula matenda ndi zawo. Chimodzimodzi apa. Nenani zomwe mukuona ndi kumva, zoganizira zanu zibwere kumapeto. Mawu amene ndimamva kwambiri ndi oti "yalowa vayirasi", kenako ndikafufuza ndimapeza hard drive yadzadza, kapena fani yatsekeka ndi fumbi makina akutentha nkumazima okha. Mukayamba ndi vayirasi mumamusocheretsa wokuthandizaniyo, ndipo wina wosakhulupirika amangovomera nkukulipiritsani ya vayirasi yomwe kulibe.

Njira yosavuta ndi kuyenda nayo kuyambira pa batani. Mukalumikiza tchaja, kagetsi ka m'mbali kakuyaka? Ndi ka mtundu wanji, kakuthwanima kapena kangoti ngwee? Mukadina batani, fani ikumveka? Pali kulira kwa bipu bipu, kangati? Chizindikiro cha kampani chikutuluka pa sikirini? Nanga cha Windows? Ikufika pofunsa pasiwedi? Pomwe yaimira mpomwe pali nkhani. Kuthwanima kuja musakunyozere, makina amakhala akulankhula: Dell zambiri zimathwanima mtundu wa olenji kangapo kenako woyera kangapo, HP zina zimathwanima pa batani la Caps Lock, ndipo chiwerengero chake chili ndi tanthauzo m'buku la makinawo, mwina RAM, mwina BIOS (kapulogalamu kodzutsa makina Windows isanalowe), mwina motherboard. Werengani kawiri, kapena jambulani kavidiyo ka masekondi 20 kapena 30 kuyambira pomwe mukudina batani. Kavidiyo kamodzi kotere kamaposa voice note ya maminitsi 6. Nenaninso ngati vutolo ndi la nthawi zonse kapena la apo ndi apo, ndipo ngati ndi la apo ndi apo limabwera mukutani, mwina mukangotsegula Zoom, mwina pakatha ola limodzi, mwina mukangozula tchaja.

Pakatuluka uthenga pa sikirini musautanthauzire, musaufupikitse, ujambuleni. "Ikulemba zina zake za error" sizithandiza, ma error alipo miyandamiyanda. Sikirini ya buluu ija imene imatuluka Windows ikagwa mwadzidzidzi, yomwe pa Windows 11 yatsopano inasanduka yakuda, imakhala ndi mzere pansi wotchedwa Stop code, mawu ake ngati CRITICAL_PROCESS_DIED kapena MEMORY_MANAGEMENT kapena INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, mzere umenewo ndiye tikufuna. Imazima msanga, nde konzekeranitu ndi foni m'manja. Ikalemba No bootable device ndiye kuti makina sakuona disiki yomwe pali Windows, mwina yamasuka mwina yafa. Ikafunsa BitLocker recovery key, kiyi wotsegulira disiki yomwe Windows inakiya, musaope ndipo musalole munthu afomate (kufufuta zonse za pa disiki), ikufuna manambala 48 amene nthawi zambiri amakhala mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kuigwiritsa ntchito, nde nenani ngati akauntiyo ndi yanu kapena ya amene munamugula kapena ya kuntchito. Pojambula pukutani kamera, zimitsani flash, sikirini yonse ilowe, ndipo pa WhatsApp tumizani ngati HD kapena ngati document chifukwa imafinya zithunzi timalemba nkusawerengeka. Ngati Windows ikulowa, Windows ndi Shift ndi S pamodzi zimajambula sikirini mwaukhondo.

Kwa amene vuto lawo ndi kuchedwa, "ili slow" yokha siyikwana. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka jambulani pomwe pakuoneka CPU, Memory ndi Disk nthawi imene ikuchedwayo. Disk ikamakhala pa 100% pa makina a hard drive yakale yankho limakhala kuika SSD, disiki yamakono yothamanga yopanda mbale yozungulira, Memory ikadzadza pa makina a 4GB nkhani ndi RAM. Palinso kachida kena kamene anthu ambiri sakadziwa, Windows ndi R nkulemba perfmon /rel, kamaonetsa tsiku ndi tsiku zomwe zinagwa ndi zomwe zinalowetsedwa, tizizindikiro tofiira tija. Chithunzi cha pamenepo chimandipulumutsa mafunso khumi.

Chotsatira ndi chomwe anthu amachibisa: chinachitika ndi chani isanayambe kuvuta. Makina sakonda kungovuta okha. Kodi magetsi anazima ili pa tchaja? Nthawi ya load shedding ija, makamaka 2023 pomwe Stage 6, kuzima kwa maola ambiri patsiku, inali chinthu chozolowereka, matchaja ndi ma router (timabokosi ta Wi-Fi) ambiri anapsa osati pozima magetsi koma pobwera, ndipo mpaka pano m'madera mwathu muno magetsi amathimathimabe chifukwa cha kubedwa kwa mawaya. Kodi kunali mvula ya ziphaliwali? Kuno kuyambira Okutobala mpaka Marichi mvula ya masana imabwera ndi mphenzi zoopsa, ndipo mphamvu yake imatha kulowera pa chingwe cha intaneti osati pa soketi pokha. Kodi inagwa, kapena chikwama chinapsinjika mu minibasi ya pa siteji ya Bree? Mwana anaseweretsa? Munalowetsa pulogalamu yatsopano, Office yokuba ija kapena gemu yomwe mnzanu anakupatsani pa fulashi? Windows inali pakati pa update inu nkuizimitsa poti mumathamangira kuntchito? Ndipo chachikulu, pali wina anaitsegulapo kale?

Tsiku lina kunabwera amayi ena akwathu amene amasoka zovala ku Mayfair, laputopu yosayaka, ndinawafunsa katatu konse ngati inanyowapo iwo ayi achimwene yangozima yokha. Ndinataya tsiku lonse ndikuyesa tchaja, batire, RAM, mpaka nditatsegula mkati ndinapeza shuga wa tiyi atauma pa motherboard ndipo dzimbiri litayamba kale. Atandiuza zoona anati ankaopa kuti ndiwakalipira komanso kuti mtengo ukwera. Zinandikhudza chifukwa tiyiyo anatayika masiku asanu m'mbuyomo, akanabwera tsiku lomwelo titsuke mwina tikanaipulumutsa, ndipo munali mapatani ndi manambala a makasitomala awo. Mwamwayi disiki inali bwino tinachotsamo zonse, koma makinawo anapita. Wokonza si wapolisi amayi, achimwene, sakufuna kukuweruzani, akufuna adziwe poyang'ana.

Pali tinthu tingapo toti muyese nokha musanafunse, ndipo zotsatira zake muzilembe mu meseji. Ngati siyikuyaka, zulani tchaja ndi zonse zolumikizidwa, fulashi, mawusi, pulinta, chotsani batire ngati ndi lochotseka, dinani batani loyatsira masekondi 30 osasiya, kenako bwezerani tchaja yokha nkuyatsa. Yesani soketi ina yapakhoma osadzera pa ekisitenshoni. Ngati ikumveka kuti yayaka koma sikirini ndi yakuda, ilumikizeni ku TV ndi chingwe cha HDMI, chithunzi chikatuluka pa TV ndiye kuti makina ali moyo vuto ndi sikirini kapena kachingwe kake, komanso unikani sikirini ndi tochi ya foni pafupi, mukaona zithunzi mwachizimezime ndiye kuti lafa ndi getsi lakumbuyo kwa sikirini basi. Ngati ndi intaneti, onani ngati foni ikugwira pa Wi-Fi yomweyo, kenako yesani hotspot ya foni, zikatero tidziwa ngati wolakwa ndi laputopu kapena router kapena bandulo yangotha. Ndipo Restart yeniyeni, osati kungotseka chivundikiro. Pamenepo imani. Musatsegule masikuluwu, musafomate, musalowetse mapulogalamu oti amatsuka kompyuta amene amangotulukira pa sikirini. Zomwe mwayesa kale zinenedwe zonse olo zinakanika, "ndayesa chilichonse" siyankho, tchulani chimodzichimodzi.

Kenako nenani chomwe mukufuna kwenikweni. Anthu awiri atha kukhala ndi vuto limodzi koma wina akufuna makina ayake mawa poti ali ndi asayimenti ya ku yunivesite ya UNISA, zamkatimo alibe nazo ntchito, pomwe wina makinawo olo atafa bola zithunzi za ukwati ndi za malemu mayi ake zituluke. Njira zake ndi zosiyana, ndipo yachangu kwambiri, yofomata nkuikanso Windows, ndi yomwe imafufuta zonse. Ndaonapo anthu akulira chifukwa sananene kuti muli mafayilo ofunika ndipo wokonzayo sanafunse. Lembani momveka kuti muli zinthu zomwe sindinasunge kwina, musafufute. Nenaninso tsiku lomwe mukuifuna, dera lomwe mukukhala, ndi ndalama zomwe mungakwanitse, kuti munthu akuuzeni mosabisa ngati kukonza kuli kwanzeru kapena bola kusunga ndalamazo mugule ina.

Pali zina zoti musatumize kwa wina aliyense olo atakhala wakwanu. Pasiwedi ya imelo, PIN ya banki, OTP yobwera pa foni, zimenezi sizikonza kompyuta. Musanatumize chithunzi chiyang'aneni kaye, pena kumbuyo kumakhala kutatseguka pasipoti, pemiti kapena sitetimenti ya banki. Manambala 48 a BitLocker aja lembani nokha pa makina anu. Za kulumikizana patali ndi AnyDesk, TeamViewer kapena Quick Assist ndi zida zabwino ndipo ine ndimazigwiritsa ntchito, koma mukapereka nambala yomwe pulogalamuyo imaonetsa munthuyo akuona ndi kugwira chilichonse ngati wakhala pampando wanu. Chitani ndi munthu amene mukumudziwa nkhope ndipo mwamufuna ndinu, khalani pomwepo mukuyang'ana, tulukani kaye mu banki ndi mu Mukuru, akamaliza tsekani pulogalamuyo. Wina akakuimbirani yekha kuti ndine wa ku Microsoft kapena wa ku banki kompyuta yanu ili ndi vuto lowetsani AnyDesk, dulani foni, amenewo ndi akuba.

Zonsezi ziikeni mu meseji imodzi, osati "moni" kenako nkudikira, kenako "muli bwanji", kenako "ndili ndi funso". Moni ndi ulemu wathu ndipo asasowe, koma apite limodzi ndi nkhani, chifukwa munthuyo mwina ayang'ana foni kamodzi pa lanchi basi. Ionekere chonchi:

"Mwaswera bwanji achimwene, pepani kukuvutitsani. Ndili ndi HP 250 G7, Windows 10, RAM 4GB, ndinagula sekondi handi chaka chatha. Dzulo usiku magetsi anazima ili pa tchaja, atabwera ndikadina batani fani ikumveka, chizindikiro cha HP chikutuluka, kenako ikulemba uthenga womwe ndajambulawu, pa Windows siyikufika. Siinagwe, siinanyowe, palibe anaitsegulapo. Ndayesa kudina batani masekondi 30 tchaja nditazula, ndachotsa fulashi ndi mawusi, palibe chasintha. Tchaja si yake yeniyeni, chithunzi chake ndi ichi. Mkati muli ma CV ndi zithunzi zomwe ndilibe kwina, chonde zisafufutike. Ndikuifuna pofika Lachisanu, ndili ku Yeoville, nditha kubwera nayo ndikaweruka."

Munthu wodziwa akawerenga imeneyi amakhala ndi poyambira pompo. Ngati amene mukumufunsayo si Mmalawi ndipo mukuyenera kulemba Chingerezi, musade nkhawa ndi galamala, tiziganizo tifupitifupi ndi zithunzi zikukwanirani, mawu a pa sikirini muwasiye mmene alili. Voice note ndi yabwino kwa amene kulemba kumawavuta, koma dzina la makina ndi uthenga wa error zikhale chithunzi, chifukwa G7 ndi G8 pakamwa zimamveka zofanana mukakhala mu phokoso la pa siteji ya minibasi ya Noord.

Akakuyankhani, yankhani mafunso onse amene wafunsa osati lomaliza lokha. Akakupatsani zochita zitatu chitani chimodzi, nenani chomwe chachitika, kenako chinacho. Pomwe simunamve funsani, safunsa anadya phula, kusiyana nkudina Yes pa chinthu chomwe simukuchidziwa. Ndipo musasakanize malangizo a anthu anayi nthawi imodzi, uyu akuti update BIOS, uyo akuti fomatani, winayo akuti chotsani RAM, zikasokonekera palibe angadziwe kuti chaononga ndi chiti. Sankhani mmodzi muyende naye, mukasintha muuzeni watsopanoyo zonse zomwe woyamba anachita. Kumbukiraninso kuti wokuthandizani mwaulere ali ndi ntchito yake ndi lendi yake, kuimba kasanu motsatizana sikufulumizitsa kanthu. Zikatheka muuzeni kuti zatheka ndipo chathandiza ndi chiti, ife timaphunzirira pomwepo, ndipo ka airtime olo kochepa kamapangitsa kuti ulendo wina foni yanu iyankhidwe ndi mtima wonse.

Zikakanika pa foni ndiye muyenera kupita nayo, kaya ku Small Street, kaya ku Fordsburg, kaya kwa munthu wa m'dera lanu lomwelo. Nyamulani tchaja yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndi adaputa yomwe. Ngati ikuyakabe koperani kaye mafayilo pa fulashi kapena Google Drive, tulukani mu WhatsApp Web, imelo ndi banki. Jambulani siriyo nambala, sikirini ya msinfo32 ija yoonetsa RAM ndi purosesa, ndi thupi lonse la laputopu, kuti pobwera mudzaone ngati zonse zilipo. Iyikeni mu chikwama wamba chosaonetsa kuti muli laputopu, mu tawuni muja mukudziwa nokha. Pa kauntala onetsani meseji yomwe munalemba ija, ndi yomweyo imagwira ntchito.

Musachoke opanda kapepala kolembedwa dzina la shopu, tsiku, siriyo nambala, vuto ndi zomwe mwasiya. Malamulo akuno ali mbali yanu pa nkhaniyi ndipo amanena za wogula, safunsa kuti kwanu nkuti. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 15, imati wokonza akuuzeni mtengo kaye inu muvomereze asanayambe ntchito, ndipo ngati pali ndalama yongoyezera vuto akuuzeni isanachitike. Gawo 57 limati sipeya yomwe waika, yatsopano kapena yokonzedwanso, pamodzi ndi ntchito yoikayo zili ndi waranti ya miyezi itatu. Gawo 67 limati zomwe wachotsa akubwezereni, nde hard drive yakale itengeni ndithu poti muli zinthu zanu olo akuti yafa. Ngati laputopuyo munagula pa shopu ndipo siinathe miyezi 6, musapite nayo kwa wokonza wina kaye, bwererani komwe munagula ndi lisiti chifukwa gawo 56 limakupatsani ufulu wosankha kuti akonze, asinthe kapena abweze ndalama ngati vutolo simunapangitse ndinu, koma izi sizigwira ngati munagula kwa munthu wamba amene amangogulitsa yake. Pokatenga muyatse pompo pa kauntala, lowani mu Windows, yesani Wi-Fi, kiyibodi, sawundi ndi tchaja, tsegulaninso msinfo32 mufananize ndi chithunzi chanu chija, kenako mulipire nkutenga lisiti.